Mabawuti a njinga yamoto akamatha mazinga: kupeza gwero la vutoli ndi kusankha torque wrench yoyenera

Aliyense amene amakonza njinga zamoto, kaya pa galaja kaya pansi pa mtengo pafupi ndi siteji ya akabaza, amaidziwa nthawi ija imene bawuti yomwe inali kuthina bwinobwino imafewa mwadzidzidzi n'kuyamba kungozungulira. Ukaitulutsa umapeza timizere toyera ta aluminiyamu takulungika m'mazinga ake, ndipo pamenepo umadziwa kuti mazinga amene atha si a bawutiyo koma a injini. Vutoli limakonda malo omwewomwewo: potulutsira oyilo, bowo la pulagi, timabawuti ta chivundikiro cha kilatchi ndi cha mavalavu, komanso pamene ekizozi imagwirana ndi hedi, mutu wa injini. Limachuluka pa njinga za kabaza chifukwa zimasinthidwa oyilo pafupipafupi, moti bawuti imodzi imamasulidwa ndi kumangidwa kambirimbiri pa chaka, kawirikawiri ndi manja osiyanasiyana.

Ambiri akauzidwa kuti mankhwala ake ndi torque wrench, sipanala ija yoyeza mphamvu yomangira, imene nthawi zambiri imalira mphamvu ikafika pa nambala imene mwaitchera, amakagula yaikulu yomangira matayala a galimoto, kenako amadabwa kuona kuti mabawuti akuthyokabe. Chidacho sichinawaname. Anagula cha muyeso wosayenera ntchito yawo, ndipo kumeneku ndiko kulakwitsa kumene ndimakuona kwambiri kuposa kwina kulikonse.

Chifukwa chake dzanja limapyola muyeso

Bawuti ikamamangidwa imatamuka pang'ono kwambiri ngati sipuling'i, ndipo kutamuka kumeneku ndiko kumafinyira pamodzi zitsulo ziwiri kuti zisagwedezeke. Ikatamuka mopitirira, imathyoka kapena imazula mazinga a bowo, ndipo popeza injini za njinga zamoto n'zaaluminiyamu, chitsulo chofewa kuposa cha bawuti, nthawi zambiri bowo ndilo limayamba kugonja.

Mphamvu yomangira imayezedwa mu newton mita, zomwe zimalembedwa kuti Nm, ndipo imapezeka pochulukitsa mphamvu ya dzanja ndi kutalika kwa sipanala. Munthu akakoka ndi mphamvu yonyamulira makilogalamu 10 pa sipanala ya masentimita 10, wapereka pafupifupi 10 Nm. Mphamvu yomweyo pa sipanala ya masentimita 30 imabala 29 Nm, ndipo akalowetsa paipi ya theka la mita afika pa 49 Nm popanda kumva kuti wavutika. Tsono timabawuti ta zivundikiro za injini timafuna 10 Nm yokha, kutanthauza kuti pa sipanala ya masentimita 25 mphamvu yonyamulira makilogalamu 4 yakwana kale. Dzanja la munthu wozolowera ntchito yolemetsa siliimva n'komwe mphamvu yochepa chotere, n'chifukwa chake amawonjezera.

Nambala inali yolondola, koma inawerengedwa molakwika

Musanaikayikire torque wrench, yambani mwaona nambala imene munaitchera. Mabuku a Honda okonzera njinga ali ndi mndandanda wa mabawuti wamba, umene umathandizanso pa njinga zambiri zochokera ku China zomwe injini zake zinatengera njinga ya Honda ya CG125. Mndandandawo umapereka pafupifupi 5 Nm pa bawuti ya mamilimita 5, 10 Nm pa ya mamilimita 6, 22 Nm pa ya mamilimita 8, 34 Nm pa ya mamilimita 10, ndi 54 Nm pa ya mamilimita 12. Mabawuti a mutu wokhala ndi chipewa chake amakwera pang'ono, monga 12 Nm pa ya mamilimita 6 ndi 27 Nm pa ya mamilimita 8.

Msampha uli apa: ife amakaniko timatchula bawuti potengera sipanala imene imaimasula, pomwe buku limatchula kukula kwa thunthu la mazinga. Pa njinga za ku Japan ndi zofanana nazo, bawuti imene timati "ya 10" kapena "ya 8" thunthu lake ndi mamilimita 6, "ya 12" ndi mamilimita 8, "ya 14" ndi mamilimita 10, ndipo "ya 17" ndi mamilimita 12. Munthu akagwira bawuti ya sipanala 10, n'kuwerenga mzere wa mamilimita 10 pa mndandanda, amatchera 34 Nm pa bawuti yofuna 10 Nm, ndipo imathyoka chida chisanalire. Yezani thunthu, osati mutu.

Msampha wachiwiri ndi wa miyeso. Mabuku akale a ku Japan amalemba mu kg-m, ndipo 1 kg-m ndi pafupifupi 9.8 Nm. Mabuku a ku America amalemba mu ft-lb, pomwe 1 ft-lb ndi 1.36 Nm, koma pa mabawuti ang'onoang'ono amasinthira ku in-lb, imene ndi yocheperapo ka 12. Bawuti ya 10 Nm imalembedwa kuti 89 in-lb, ndipo amene angaiwerenge ngati 89 ft-lb apereka 120 Nm. Ma torque wrench ambiri ali ndi mizere iwiri ya manambala pathupi pake, wina wa Nm wina wa ft-lb, choncho kutchera 20 pa mzere wolakwika kumapereka 27 Nm. Nambala ya m'buku la njinga yanu yeniyeniyo iyenera kutsogola nthawi zonse. Mndandanda wa mabawuti wamba ndi wothandizira pamene buku silinatchule bawutiyo.

Sinalire, ndipo bawuti yathyoka

Dandaulo limeneli pafupifupi nthawi zonse limachokera kwa munthu amene ali ndi torque wrench ya theka la inchi (kumeneku ndi kukula kwa pamene pamalowa soketi), yoyambira pa 28 kapena 40 kufika pa 210 Nm. Chida chilichonse choyezera chimakhala cholondola pakati pa muyeso wake, osati kumapeto kwenikweni. Malamulo a ISO 6789, amene opanga zida zimenezi amatsatira, mu mtundu wake wa 2003 amayesa chida pa 20, 60 ndi 100 peresenti ya nambala yake yapamwamba, ndipo wa 2017 unasintha kuti kuyesa kuziyambira pa nambala yotsikitsitsa yolembedwa pa chidacho. Zida zambiri zotsika mtengo zimatsatirabe mtundu wakalewo. Pa chida cha 210 Nm, 20 peresenti ndi 42 Nm, ndiye kuti pansi pa pamenepo wopanga sanalonjeze chilichonse. Komanso chikatcheredwa pansi kwambiri, kulira kwake kumakhala kofooka moti pa galaja yaphokoso simukumva, ndipo kutalika kwa chogwirira chake, pafupifupi theka la mita, kumachititsa kuti mupyole malire m'kanthawi kochepa.

Njira yosankhira ndi yakuti muyambe mwalemba manambala a mabawuti amene mumawagwira kawirikawiri, kenako mufune chida chimene manambalawo akugwera pakati pake. Pa njinga za 100cc mpaka 200cc, manambalawa amagawika pawiri. Gulu loyamba lili pakati pa 8 ndi 25 Nm: zivundikiro, pulagi, chotsekera oyilo, zogwirira handulo. Gulu lachiwiri likuyambira pa 25 kufika pafupi ndi 100 Nm: manati a hedi, mabawuti ogwira injini ku felemu, mashoko, ndi manati a ekiselo. Palibe chida chimodzi chimene chingagwire bwino magulu onse awiri. Zoyenera ndi ziwiri, chaching'ono cha kota ya inchi cha 5 mpaka 25 Nm, ndi chapakati cha 20 mpaka 100 Nm.

Ngati ndalama zikukwana chimodzi chokha, ine ndingasankhe chaching'onocho, ngakhale ndikudziwa kuti ena angatsutse. Chifukwa changa n'chakuti kuwonongeka kodula kumachitika pamene bawuti yaing'ono ikulowa mu aluminiyamu, pomwe nati ya ekiselo ndi chitsulo cholimba pa chitsulo cholimba ndipo imapirira kulakwitsa pang'ono. Chilipo china cha 10 mpaka 60 Nm chimene ambiri amachikonda ngati chapakatikati, ndipo n'chabwino ndithu pa pulagi ndi hedi, koma 20 peresenti yake ndi 12 Nm, motero timabawuti ta mamilimita 6 timakhala m'mphepete mwenimweni mwa muyeso wake.

Mtundu wa chida ndi zizindikiro za chabwino

Chofala kwambiri ndi cholira chija, chimene mumapotokola chogwirira kufika pa nambala, ndipo chimalira kuti "tcha" n'kugwedezeka pang'ono m'dzanja mphamvu ikakwana. Malamulo a ISO aja amalola kuti chiphonye ndi 4 peresenti, kutanthauza kuti pa 50 Nm chikhoza kupereka pakati pa 48 ndi 52. Chilinso chamuvi, chimene chilibe zida zam'kati: thupi lake limapindika pang'ono ndipo muvi umaloza nambala. Chimenechi chimaloledwa kuphonya ndi 6 peresenti ndipo chimafuna kuti maso akhale molunjika ndi muvi, zomwe zimavuta pansi pa injini, koma n'chotsika mtengo, sichitopa sipuling'i, ndipo muvi ukasuntha mumangouwongola kubwerera pa ziro. Ndimachilemekeza kwambiri chida chimenechi pa galaja ya kumudzi. Zadijito n'zolondola ndipo zimasintha miyeso zokha, koma zimadalira mabatire ndipo sizigwirizana ndi fumbi, oyilo ndi kugwetsedwa.

Pogula, funsani kalata ya kuyesedwa kwa chidacho, ndipo onetsetsani kuti nambala yapadera yolembedwa pa kalatayo ndi yomweyo yodindidwa pa chitsulo. Kalata yabwino imasonyeza zimene chidacho chinapereka pa malo atatu a muyeso wake, osati mawu okha oti chinayesedwa. Manambala akhale ozokotedwa m'chitsulo, chifukwa opakidwa ndi penti amafufutika ndi petulo. Chogwirira chizizungulira mosakakamira, loko wake azigwira zolimba kuti nambala isasunthe pokoka, ndipo pa chogwiriracho pakhale mzere kapena kamphako kosonyeza pamene dzanja liyenera kukhala. Mayina odalirika alipo, monga Norbar ya ku England, Gedore, Hazet ndi Stahlwille za ku Germany, Tohnichi ya ku Japan, ndi King Tony kapena Toptul za ku Taiwan zimene mtengo wake ndi wofikirika, koma dzina lokha si umboni, popeza zachinyengo zimadindidwanso mayina. Chida chogwiritsidwa kale ntchito, kaya mwachipeza pamsika kaya m'bale wakutumizirani kuchokera ku Joni, chikhoza kukhala chabwino kuposa chatsopano chotchipa, malinga ngati mwachiyesa.

Kuyesa chida pakhomo

Kuyesa kumeneku kumafuna vayisi (chida chopanira zitsulo), chingwe, tepi yoyezera ndi chigubu cha madzi. Panani bawuti yaikulu m'vayisi mogoneka, lowetsani soketi, ndipo torque wrench ikhale yopingasa bwino, yokonzeka kukokedwa kumbali yomangira. Yezani kutalika kuchokera pakati pa soketi kufika pa mzere wa dzanja uja, n'kumangirira chingwe pamenepo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, komabe ndi bwino kuyeza chigubu chonse pa sikelo yodalirika, monga ya m'sitolo imene inadindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Chulukitsani makilogalamu ndi 9.81, kenako ndi kutalika kuja mu mamita. Makilogalamu 5 pa masentimita 20 amapereka 9.8 Nm, ndipo makilogalamu 20 pa masentimita 35 amapereka pafupifupi 69 Nm.

Tsitsani chigubu pang'onopang'ono osachigwetsa. Mukatchera nambala yotsikirapo pang'ono kuposa imene mwawerengera, chida chiyenera kulira, ndipo mukatchera yokwererapo pang'ono chisalire. Bwerezani kasanu pa nambala imodzi, chifukwa chida chimene chikuphonya mofanana nthawi zonse mungathe kuchigwiritsa ntchito podziwa kuphonya kwake, koma chimene chikulira lero apa mawa apo sichingadaliridwe. Kulemera kwa chida chenichenicho kumawonjezera pang'ono, choncho kuyesa kotere sikungalowe m'malo mwa makina a akatswiri, koma kumagwira msanga chida chimene chasokonekera ndi 10 kapena 20 peresenti. Malamulo a ISO amanena kuti chida chiziyesedwanso pakatha miyezi 12 kapena chikalira ka 5,000, ndipo ine ndimawonjezera kuti chiyesedwe tsiku lililonse limene chagwa pansi.

Chida chili bwino, koma mazinga akuthabe

Apa mpamene pamafunika kudekha, chifukwa torque wrench siyeza kuthina kwa bawuti mwachindunji, imangoyeza kulimba kwa kuipotokola. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu imene mumapereka amathera pa kukhulana kwa zitsulo, pansi pa mutu wa bawuti ndi m'mazinga, ndipo gawo limodzi lokha ndilo limatamula bawuti. Chilichonse chosintha kukhulanako chimasintha zotsatira. Manambala ambiri a m'mabuku ndi a mazinga oyera ndi ouma, kotero mukapaka girizi kapena oyilo pamene buku silinanene, bawuti imaterera ndi kuthina mopitirira chida chisanalire. Pamene buku lanena kuti mupake oyilo, monga pa manati a hedi a injini zina, pakani, chifukwa nambalayo inawerengedwa motero.

Pulagi ndi chitsanzo chabwino. Kampani yopanga mapulagi ya NGK imapereka 10 mpaka 12 Nm pa pulagi ya mazinga a mamilimita 10 monga C7HSA, ndi 15 mpaka 20 Nm pa ya mamilimita 12 monga D8EA, m'hedi ya aluminiyamu, ndipo imaletsa kupaka mafuta oletsa kugwirana pa mapulagi ake onyezimira chifukwa amasokoneza muyeso. Pulagi ilowetsedwe injini itazizira, ndipo iyambe ndi zala mpaka itakhala pansi. Ikakakamira pa kuzungulira koyamba kapena kwachiwiri, yalowa mokhota, ndipo palibe chida chilichonse chimene chingapulumutse mazinga ngati mupitiriza. Pamene palibe torque wrench, pulagi yatsopano ya kukula kumeneku imafuna pafupifupi theka la kuzungulira ikakhala pansi, koma yogwiritsidwa kale ntchito imafuna kachigawo kakang'ono chabe, chifukwa kamphete kake kanafinyika kale.

Potulutsira oyilo pali nkhani yakeyake. Pa injini za mtundu wa CG pali chotsekera chachikulu cha aluminiyamu, cha sipanala 24, chokhala ndi sipuling'i ndi sefa m'kati. Kukula kwa mutu wake kumanyenga anthu kuti chimafuna mphamvu zambiri, pomwe chimafuna pafupifupi 15 Nm, popeza chimene chimatseka oyilo ndi kamphira kozungulira, osati kuthina. Pa injini zokhala ndi bawuti wamba yotulutsira oyilo, chotseka ndi washer, kamphete kofewa ka aluminiyamu kapena kopa kamene kamafinyika kamodzi. Oyilo akamadontha bawuti itamangidwa pa nambala yake, vuto ndi washer kapena kamphira kaja, ndipo kuwonjezera mphamvu ndiko kumapha mazinga. Zinthu ziwirizi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kukonzetsa injini, choncho ndi bwino kuzisunga zambiri m'bokosi la zida.

Onaninso kutalika kwa mabawuti. Pa chivundikiro chimodzi pamakhala aatali ndi aafupi, ndipo akasinthana, yaifupi imagwira mazinga awiri kapena atatu okha n'kuwazula, pomwe yaitali imagunda pansi pa bowo, chida n'kulira chivundikiro chisanafinyike. Oyilo kapena madzi otsalira m'bowo lotsekeka kunsi angathe kung'amba aluminiyamu bawuti ikamawapanikiza, motero pukutani bowo musanamange. Ndipo ngati mazinga anavulala kale ndi manja am'mbuyomu, angathe kugonja ngakhale pa nambala yolondola. Pamenepo chida chatsopanocho changoulula bala lakale.

Inalira, koma bawuti yamasuka panjira

Dzimbiri, matope ndi zotsalira za guluu wakale wa mabawuti zimachititsa zosiyana ndi girizi: mazinga amakakamira, chida chimalira msanga, ndipo bawuti imatsala yosathina. Tsukani mazinga ndi bulashi yawaya mpaka bawuti izilowa ndi zala. Kakokedwe nakonso n'kofunika. Gwirani pa mzere wa dzanja, kokani mosadukiza ndi modekha, ndipo chida chilire bawuti ikuyenda. Mukaima pafupi ndi mapeto n'kuyambiranso, chikhoza kulira bawuti isanasunthe, chifukwa kuyambitsa chinthu choima kumafuna mphamvu zambiri kuposa kuchipitiriza. Pa chifukwa chomwechi, kuika torque wrench pa bawuti imene wina anamanga kale n'kumva "tcha" sikutsimikizira kanthu, popeza ikhoza kukhala yothina kawiri kuposa muyeso. Imasuleni pang'ono n'kumanganso. Chikalira kamodzi, siyani, chifukwa kuliza kachiwiri ndi kachitatu kumawonjezera mphamvu.

Pamene pali gasiketi ndi mabawuti angapo, monga pa hedi ndi zivundikiro, mangani modumphadumpha mopingasa, kawiri kapena katatu, mukukweza nambala pang'onopang'ono mpaka yomaliza. Mukamaliza imodzi musanayambe zinzake, gasiketi imafinyika mbali imodzi ndipo yoyambayo imatsala yomasuka. Chotalikitsira soketi cholunjika sichisintha muyeso, koma chilichonse chowonjezera kutalika kwa chida kutsogolo kapena paipi pa chogwirira chimausokoneza.

Kusunga chida ndi kukonza bowo lowonongeka

Chida cholira chibwezeredwe pa nambala yake yotsikitsitsa mukamaliza ntchito, osapyola pansi pake, kuti sipuling'i isakhale yopanikizika kwa masabata. Musachigwiritse ntchito pomasula mabawuti, musachiviike mu petulo kapena palafini chifukwa girizi wam'kati amasungunuka, ndipo chizikhala m'bokosi lake. Chikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, chilizeni kangapo pa nambala yotsika musanachidalire.

Bowo likatha mazinga, njira imene ambiri amathamangira ndi kukakamiza bawuti yokulirapo kapena kukulunga ulusi ndi pulasitiki, ndipo zonsezi zimangokulitsa bala. Kukonza koyenera ndi kubowola molunjika, kudula mazinga atsopano, ndi kulowetsa waya wachitsulo wopotedwa wa mtundu wa Helicoil kapena kachitsulo kamazinga ka mtundu wa Time-Sert, kuti bawuti ya kukula koyambirira ibwerere pamalo pake ndi nambala yake yomweyo. Pa bowo la pulagi ndi lotulutsira oyilo, zimene zimamasulidwa kawirikawiri, kachitsulo kathunthu kamakhalitsa kuposa waya. Samalani kwambiri ndi tizidutswa ta aluminiyamu: pa bowo la pulagi ndi bwino kuchotsa hedi, ndipo pa lotulutsira oyilo pakani girizi pa chodulira mazinga kuti agwire tizidutswato, kenako thirani oyilo pang'ono kuchokera pamwamba kuti atsuke zotsalira musanatseke ndi washer yatsopano.